Ndalama Zimene Timagona Nazo



Funso limene ndabwera nalo si lakuti mukufuna ndalama zingati. Limenelo aliyense ali ndi yankho lake kale. Funso la akatswiri a zachuma ndi ili: pa chuma chonse chimene munthu ali nacho, chochepa kaya chochuluka, ndi gawo lanji limene amasankha kuti likhale ndalama zenizeni, za m'thumba, za pa foni, kapena za ku akaunti yotapako tsiku lililonse? Mlimi amene wagulitsa soya n'kupeza K600,000 atha kugona nazo zonse. Athanso kugula malata, kugula mbuzi, kapena kukaziika ku banki m'khonde. Chuma chake sichinasinthe, koma ndalama zimene wasunga zasiyana. Kafukufuku wa chimene chimam'chititsa kusankha motero wakhala akuchitika kwa zaka zoposa 100, ndipo maboma akhala akupanga ziganizo zikuluzikulu podalira zotsatira zake.

Chifukwa chake n'chakuti banki yaikulu ya dziko ili ndi mphamvu pa chiwerengero cha ndalama zomwe zikuyenda, koma ilibe mphamvu pa kuchuluka kwa katundu amene ndalamazo zingagule. Zimenezo timagamula ndife, ozisungafe. Munthu mmodzi akaona kuti wasunga ndalama zoposa zimene akufuna, amakagula chinthu. Komatu ndalamazo sizinathe, zangosamukira m'thumba la wogulitsa. Anthu onse m'dziko akafuna kuzichotsa m'manja nthawi imodzi, palibe kozitayira. Amangopatsirana, mitengo n'kumakwera, mpaka mphamvu ya ndalama zomwe zilipozo itatsikira pa mlingo umene anthuwo akulolera kusunga. Zonse zimene ndinene zikuchokera pamenepa.

Tiyambe ndi Irving Fisher wa ku yunivesite ya Yale ku America. M'buku lake la mu 1911, The Purchasing Power of Money, anafotokoza kuti ukatenga ndalama zonse za m'dziko n'kuchulukitsa ndi maulendo amene ndalama iliyonse imasintha manja pa chaka, umapeza mtengo wa zinthu zonse zimene zagulidwa chaka chimenecho. Iye ankaona kuti liwiro la ndalama limadalira zinthu zosintha pang'onopang'ono: kaya antchito amalipidwa pa sabata kapena pa mwezi, kaya anthu amakhala mothithikana kapena motalikirana, kaya mayendedwe ndi ofulumira, kaya macheke ndi ngongole n'zofala. Ngati liwiro silisinthasintha, ndiye kuti kuwonjezera ndalama kawiri kumakwezanso mitengo kawiri. Ku Cambridge ku England, Alfred Marshall ndi wophunzira wake Arthur Pigou, amene analemba za nkhaniyi mu 1917, anaiyang'ana kuchokera kwa munthu wosungayo. Iwo sanafunse kuti ndalama imathamanga bwanji, koma kuti munthu amafuna gawo lanji la zopeza zake likhale pafupi. Kusintha kwa funsoku n'kumene kunatsegula njira, chifukwa munthu amaganiza, amaopa, ndiponso amasintha maganizo.

John Maynard Keynes, amene anaphunzira kwa Marshall, anatchula zifukwa zitatu mu 1936. Choyamba n'chogulira zofunika pakati pa malipiro ano ndi a mwezi wamawa. Chachiwiri n'chodzitetezera ku zadzidzidzi, monga matenda ndi maliro. Chachitatu ndicho chinali chachilendo. Munthu amene ali ndi chuma atha kugula zikalata za ngongole ya boma n'kumalandira chiwongola dzanja. Koma chiwongola dzanja pa msika chikakwera, mtengo wa zikalata zakale umatsika, ndipo wozigulitsa amaluza. Choncho amene akuganiza kuti chiwongola dzanja chikwera posachedwa amayamba wasunga ndalama, kudikira. Makolo athu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Keynes anasonyeza kuti mtima umenewu uli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi chiwongola dzanja chimene munthu amachikana pofuna kuti chake chikhale pafupi. Anaonanso kuti nthawi ya mantha anthu amakumbatira ndalama kwambiri, moti liwiro limene Fisher ankaliyesa lokhazikika limatha kugwa mwadzidzidzi.

Pa maganizo onsewa, amene ine ndimawakonda kwambiri ndi a William Baumol a mu 1952, omwe James Tobin anawakuzanso mu 1956. Baumol anati ndalama za m'thumba tizizitenga monga momwe wagolosale amatengera katundu wa pa shelefu. Akaoda wambiri nthawi imodzi, mpamba wake umangokhala osabala kanthu. Akaoda pang'onopang'ono, amathera ndalama m'maulendo. Tiyerekeze mphunzitsi wa kumudzi amene malipiro ake amafikira ku banki ya pa boma, mtunda wautali kuchokera kusukulu. Ulendo uliwonse ndi kabaza, kenako minibasi, kenako mzere wa pa ATM, ndipo tsiku lonse latha. Mphunzitsi ameneyu amatapa zonse kamodzi, n'kumagona ndi ndalama zambiri m'nyumba masabata oyambirira a mwezi. Mnzake wa m'tauni, wolandira malipiro ofanana, amatapa pang'onopang'ono chifukwa banki ili pafupi. Palibe wanzeru kuposa mnzake pa awiriwa. Aliyense wawerengera bwino mtengo wa ulendo wake. Masamu a Baumol anatulutsanso chinthu chosayembekezeka: zopeza za munthu zikakwera kanayi, ndalama zimene amayenda nazo zimangokwera kawiri. Ndiye kuti wolemera amasunga gawo laling'ono la chuma chake ngati ndalama, wosauka amasunga gawo lalikulu. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Milton Friedman wa ku Chicago, mu 1956, anati ndalama ndi chimodzi mwa zinthu zimene munthu angasungiremo chuma, pambali pa zikalata za ngongole, masheya, nyumba ndi katundu. Munthu amayerekeza phindu la chilichonse. Mitengo ikamakwera, katundu ndi amene amapambana, chifukwa thumba la simenti silichepa koma ndalama imachepa. Chimene chinam'tchukitsa Friedman ndi chikhulupiriro chake chakuti kasungidwe ka ndalama kamatsata lamulo lokhazikika, lodalira zinthu zowerengeka, lomwe lingayezedwe. Ngati zili choncho, ntchito ya banki yaikulu ndi yapafupi: iziwonjezera ndalama ndi mlingo umodzi chaka chilichonse, pakati pa 3 ndi 5 peresenti, basi. Iye ndi Anna Schwartz anasonkhanitsa umboni wa zaka 1867 mpaka 1960 m'buku lawo la mu 1963. Anasonyeza kuti pakati pa 1929 ndi 1933 ndalama za ku America zinachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, pamene mabanki zikwizikwi ankagwa ndipo anthu ankathamangira kukatapa zawo zonse.

Umboni womveka kwambiri unachokera kumene zinthu zinafika poipitsitsa. Phillip Cagan, wophunzira wa Friedman, anafufuza mu 1956 nthawi zisanu ndi ziwiri zimene mitengo inakwera mopitirira 50 peresenti pa mwezi: ku Austria, Germany, Poland, Russia, Greece, ndi kawiri ku Hungary. Anasankha nthawi zimenezi mwadala, chifukwa mitengo ikamathamanga chonchi zifukwa zina zonse zimachepa mphamvu, n'kutsala chimodzi chokha: munthu akuyembekezera kuti ndalama yake mawa igula chiyani.

Taonani Germany mu 1923. Antchito anafika polipidwa tsiku lililonse, ena kawiri pa tsiku, ndipo akazi awo ankadikira pa chipata cha fakitale kuti alandire ndalamazo n'kuthamangira kusitolo mitengo isanasinthe. Mu November chaka chimenecho dola imodzi ya America inkasinthidwa ndi mamaki 4.2 thiriliyoni. Makampani osindikiza oposa 100 ankagwira ntchito usana ndi usiku. Koma dandaulo la amalonda linali lakuti ndalama zikusowa, ndipo sankanama. Mapepala onsewo ukawaphatikiza, katundu amene akanagula anali kagawo kakang'ono poyerekeza ndi kale, chifukwa panalibe munthu wofuna kugona nawo. Cagan anapeza kuti m'maiko onsewo, anthu akamayembekezera kukwera kwakukulu kwa mitengo, mphamvu ya ndalama zimene ankasunga inkatsika motsatira ndondomeko yooneka bwino. Anasonyezanso kuti boma losindikiza ndalama kuti lilipire ngongole zake likukhometsa msonkho kwa aliyense wosunga ndalamayo, ndipo msonkhowo uli ndi malire. Likapitirira, anthu amathawa ndalamayo mofulumira kuposa mmene makina akusindikizira, ndipo boma limapeza zochepa kuposa poyamba.

Thomas Sargent, mu 1982, anafufuza mmene mavutowa anathera ku Austria, Hungary, Poland ndi Germany, ndipo chimene anapeza chimandikhudza nthawi zonse. Mitengo inaima mwadzidzidzi, osati pang'onopang'ono, pamene maboma analetsedwa kubwereka mwachisawawa ku banki yaikulu ndipo anakonza bajeti zawo. Ku Germany ndalama yatsopano ya Rentenmark inayamba pa 15 November 1923. Komatu miyezi yotsatira ndalama zoyenda zinapitiriza kuchuluka kwambiri, mitengo osakweranso. Anthu anali atayambanso kulolera kugona ndi ndalama, ndipo zowonjezerazo zinangolowa m'matumba n'kukhala. Ndalama zochuluka chimodzimodzi zitha kukweza mitengo chaka chino, chaka chamawa osakweza, malinga ndi zimene anthu akukhulupirira za boma lawo.

Abale athu a ku Zimbabwe anaziona ndi maso mu 2008. Mizere ya ku banki inkayamba usiku, ndipo wotapa ankasandutsa ndalamazo marandi, madola a America kapena zakudya tsiku lomwelo. Pepala la madola 100 thiriliyoni linatuluka mu January 2009, ndipo pasanathe miyezi yambiri dzikolo linasiya ndalama yake. Anthu anali ataisiya kale boma lisanalengeze.

Tsono lamulo lokhazikika lija la Friedman linathera pati? Mu 1973 Stephen Goldfeld wa ku Princeton anatenga ziwerengero za America za 1952 mpaka 1972 n'kupanga masamu olosera ndalama zimene anthu angasunge, pogwiritsa ntchito zopeza za dziko ndi chiwongola dzanja. Masamuwo anagwirizana bwino kwambiri ndi zimene zinachitikadi, moti ambiri anaganiza kuti nkhani yatha. Kuyambira 1974 anayamba kuphonya, ndipo kuphonyako kunkakula mwezi ndi mwezi: anthu ankasunga zochepa kwambiri kuposa zoloseredwa. Goldfeld mwiniwake ndi amene analengeza zimenezi mu 1976, m'nkhani yotchedwa The Case of the Missing Money, ndipo pamenepa ayenera kulemekezedwa. Chimene chinachitika n'chakuti lamulo la mu 1933 linkaletsa mabanki kupereka chiwongola dzanja pa maakaunti a macheke. Chiwongola dzanja cha pa msika chitakwera, kusiya ndalama m'maakaunti amenewo kunakhala kuluza kwakukulu, ndipo amabanki ndi amakampani anatulukira njira zatsopano zozembera: maakaunti amtundu wina olipira chiwongola dzanja, mathumba ogulira zikalata za ngongole zaifupi, ndi kubwereketsa ndalama usiku umodzi wokha. Ndalama sizinasowe. Zinasamukira kumene owerenga sankawerengako.

Zimenezi zinachitika pa nthawi yomwe maboma ankayamba kutsatira Friedman. Mu October 1979 Paul Volcker, mkulu wa Federal Reserve, banki yaikulu ya America, anasintha kayendetsedwe kake kuti kaziyang'ana kuchuluka kwa ndalama, ndipo boma la Margaret Thatcher ku Britain linaika malire ake mu 1980. Kukwera kwa mitengo kunatsikadi, anthu ambiri atachotsedwa ntchito, koma muyezo wa ndalamawo unakanika kulondoleka. America inayamba kuusiya mu 1982, ndipo Canada inausiya chaka chomwecho. Charles Goodhart wa ku Bank of England anali atachenjeza kale mu 1975 kuti muyezo ukangosandutsidwa chida cholamulira, khalidwe limene unkayeza limasintha. Kuyambira ndi New Zealand mu 1990, mabanki aakulu ambiri anasankha kulonjeza mlingo wa kukwera kwa mitengo, n'kumagwiritsa ntchito chiwongola dzanja pokwaniritsa lonjezolo. South Africa inatero mu 2000, Ghana mu 2007, Uganda mu 2011.

Ena amati pamenepa kafukufukuyu anafa. Ine sindivomereza. Robert Lucas ndi Juan Pablo Nicolini anasonyeza mu 2015 kuti ukawerengera pamodzi maakaunti atsopano aja, ubale wa nthawi yaitali pakati pa ndalama, zopeza ndi chiwongola dzanja umaonekanso. Ndipo zaka zaposachedwa zatipatsa maphunziro awiri otsutsana. Pambuyo pa 2008, Federal Reserve inachulukitsa ndalama zake zoyambira kuposa kanayi, mitengo osathamanga, chifukwa mabanki ndi anthu anali ndi mantha ndipo chiwongola dzanja chinali pafupi ndi ziro. Kusunga ndalama kunalibe mtengo. Mu 2020 ndalama za m'maakaunti a anthu ku America komweko zinakwera ndi pafupifupi 25 peresenti chaka chimodzi, ndipo mliri wa chaka chimenecho utachepa anthu atayamba kuzigwiritsa ntchito, kukwera kwa mitengo kunafika 9.1 peresenti mu June 2022. Wongowerenga ndalama zosindikizidwa akanaphonya koyamba, ndipo wozinyalanyaza anaphonya kachiwiri.

Tibwere kwathu. Maganizo ambiri amene ndafotokozawa anabadwira kumene munthu wamba amasankha pakati pa ndalama ndi zikalata zolipira chiwongola dzanja. Mayi wogulitsa tomato ku Lizulu sasankha pakati pa zimenezo. Ofufuza a maiko osauka apeza mobwerezabwereza kuti chimene chimasuntha kasungidwe ka ndalama kwambiri ndi kukwera kwa mitengo koyembekezeka ndi mtengo wa ndalama zakunja, kuposa chiwongola dzanja cha ku banki. Ife tikudziwa chifukwa chake. Mu May 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Amene waona zimenezi katatu amaphunzira. Mphekesera zikangoyamba, wamalonda amasunga katundu m'malo mwa makwacha, ndipo wokhala ndi mpata amafunafuna madola kumsika wamseri. Pamenepa mpamene mfundo ya Baumol ija imapweteka: amene gawo lalikulu la chuma chake ndi ndalama zomangidwa pa mfundo ya chitenje ndi amene amalipira kwambiri msonkho umene Cagan anaufotokoza, ndipo palibe amene anam'funsa.

Ronald McKinnon, mu 1973, anaona chinthu chimene akatswiri a maiko olemera sanachilabadire. Kumene ngongole ndi yosowa, munthu wofuna kugula pampu yothirira kapena makina osokera ayenera kuyamba waunjika ndalama mpaka zitakwana. Choncho ndalama yosunga mphamvu yake ndi njira yopitira ku chitukuko, ndipo ndalama yosungunuka imatseka njirayo. Yendani m'matauni athu muone nyumba zolekezera pa mawindo, udzu utamera m'zipinda, mulu wa njerwa uli pambali. Eni ake sanalephere kuganiza. Anaona kuti kwacha ya chaka chino sidzagula simenti yomweyo chaka chamawa, ndiye amasungira chuma m'khoma, mzere umodzi wa njerwa pa nthawi. Koma khoma silingagulitsidwe mwana akadwala, ndipo silingabwereketsedwe kwa wina woti achitire bizinesi.

Kafukufuku wochitikira m'dziko muno wawonjezera mfundo imene Keynes sanaiganize. Pascaline Dupas ndi anzake, m'zotsatira zofalitsidwa mu 2018, anathandiza anthu a ku Malawi, Uganda ndi Chile kutsegula maakaunti kwaulere. Kuno ambiri anatsegula, koma amene ankaikamo ndalama kawirikawiri anali pafupifupi mmodzi pa khumi alionse. Akaunti yokha siyikwanira ngati banki ili kutali ndipo zopeza n'zochepa. Lasse Brune, Eric Chyn ndi Jason Kerwin anayesa njira ina ku minda ya tiyi ya Lujeri ku Mulanje. Antchito anapatsidwa mwayi woti gawo la malipiro awo lizisungidwa kwa miyezi itatu, n'kudzalandira pamodzi, popanda chiwongola dzanja chilichonse. Pafupifupi theka anavomera, ndipo patapita zaka ziwiri amene anapatsidwa mwayiwu anali atakonza nyumba zawo, kuphatikizapo kufolera ndi malata, kuposa anzawo amene sanaupatsidwe. Taganizani: munthu wosauka kupempha yekha kuti ndalama zake zichedwe. Kwa Keynes ubwino wa ndalama ndi kukhala pafupi. Kwa wothyola tiyi ameneyu kukhala pafupiko ndiko vuto, chifukwa ndalama ya m'nyumba imamva pempho lililonse la m'bale ndi chilakolako chilichonse cha mwiniwake. Chipereganyu ndi banki m'khonde zimakhalira pa mfundo yomweyi.

Kenako kunabwera foni. M-Pesa inayamba ku Kenya mu 2007, Airtel Money kuno mu 2012, Mpamba mu 2013. Ulendo wa mphunzitsi uja unafupika: tsopano ndi kuyenda pansi kupita kwa ejenti pa msika. Koma vuto la Baumol silinathe, langosamukira kwa ejentiyo. Muimirireni pambali m'mawa wa tsiku la msika. Ali ndi kabuku, mafoni awiri ndi kachikwama ka m'chiuno. Otapa akachuluka, makwacha a m'chikwama amatha, fuloti, ndiye kuti ndalama za pa foni yake, n'kudzadza. Oika akachuluka, fuloti imatha, makwacha n'kuunjikana, ndipo amayamba kuopa akuba. Tsiku lililonse amayerekeza mtengo wa ulendo wa ku banki ndi makasitomala amene angawabweze. Anthu amenewa amadziwa za kasungidwe ka ndalama m'dera lawo, sabata ndi sabata, kuposa lipoti lililonse.

Kwa inu ophunzira amene mudzagwire ntchito imeneyi, mbali yofunika kuifufuza mozama ndi ya nyengo. Misika ya fodya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu imatsegulidwa cha mu April, nthawi yomwenso mavenda amalowa m'midzi ndi masikelo kukagula chimanga, soya ndi mtedza. Makwacha amatuluka m'mabanki kupita kumidzi. Pofika November ndi December amabwerera kudzera kwa ogulitsa feteleza ndi mbewu, ndipo mu January ndi February m'midzi mumakhala mouma. Reserve Bank of Malawi ikaona ndalama zoyenda zitakwera mu June, iyenera kudziwa ngati anthu akufuna kuzisunga chifukwa akolola, kapena ngati ndi ndalama zongowagwera zimene azithawe pogula katundu ndi madola. Ikayesa zoyambazo kukhala zachiwiri, imafinya alimi ndi amalonda popanda chifukwa. Ikayesa zachiwirizo kukhala zoyamba, mitengo imakwera miyezi ingapo kutsogolo. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna ziwerengero za mwezi ndi mwezi, boma ndi boma, zophatikiza makwacha a m'manja, a pa foni ndi a m'mabokosi a banki m'khonde, komanso munthu wopita kukafunsa mlimiyo kuti ndalama za soya uja anazisandutsa chiyani, ndipo zinam'tengera masiku angati.